Chigodola, Kaodzera ndi Malungo: Za Khola ndi Nyumba M'dziko la Gawa

(Ng'oma ilire pang'ono, kenaka izilale)

Ndikulankhula ndi inu nonse amene mwatchera khutu ku wailesi madzulo ano, kuyambira inu a ku Mkaika kumene kuli mpando wa Kalonga Gawa Undi, kufikira inu a kwa Kawaza, a kwa Mbang'ombe, a kwa Kathumba, a kwa Nyanje ku Sinda, ndi inu a kwa Pembamoyo ku Vubwi, amene mwayandikana malire ndi abale athu a ku Malawi ndi a ku Mozambique. Mafumu ndi nduna, eni mbumba, amayi ndi abambo, ndiponso inu anyamata abusa amene mwangotseka kumene khola, ndikupempha kuti mundibwereke makutu anu, pakuti nkhani imene ndadza nayo ikukhudza chuma chanu ndi moyo wa ana anu pamodzi.

Mwa nthenda zonse zimene zimasautsa dziko lathu lino, zilipo zitatu zimene munthu angaziyese zosiyana kutalitali, popeza ina imagwetsa thole m'khola, ina imaondetsa ng'ombe ya pagoli nigwiranso munthu wochokera kuchigwa, ndipo ina imatenthetsa mwana ali kumsana kwa amake. Komatu anthu ophunzira za matenda, atayang'ana magazi a odwala onsewa pa galasi lokuza tinthu, lija alitcha maikulosikopu, adapeza kuti chigodola, kaodzera ndi malungo n'zapachibale. Zonse zitatu zimadza ndi tizilombo ta selo imodzi totchedwa protozoa, tochepa kotero kuti tambirimbiri timakwana m'dontho limodzi la magazi, koma tamoyo ndithu, todya, toswana, ndi tosintha maonekedwe pa msinkhu uliwonse wa moyo wawo. Si mabakiteriya, ndiponso si mavairasi onga aja a chitopa cha nkhuku, chifukwa chake kalikonse kali ndi mankhwala akeake, ndipo jakisoni wochiza ina sathandiza pa inzake. Tizilomboti tilibe mphamvu yotuluka tokha m'thupi lina kukalowa m'linzake. Tiyenera kunyamulidwa, ndipo otinyamula mumawadziwa bwino: nkhupakupa, kashembe ndi udzudzu.

Nzeru imeneyi si yakale kwambiri, ndipo makolo athu asanenedwe umbuli poti sadaidziwe, pakuti ngakhale asing'anga a ku Ulaya adatha zaka mazanamazana akukhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Mu 1880 dokotala wa Chifalansa, Alphonse Laveran, ali ku Algeria, ndiye adayamba kuona kachilombo ka malungo m'magazi a munthu; mu 1893 Theobald Smith ndi Fred Kilborne a ku America adatsimikiza kuti nkhupakupa ndiyo imafalitsa nthenda ya mkodzo wofiira mwa ng'ombe; mu 1895 David Bruce, ali m'dziko la Azulu, adaonetsa kuti kashembe amanyamula kachilombo koondetsa ziweto; ndipo mu 1897 Ronald Ross, ku India, adapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Taonani kuti wofufuza za anthu ndi wofufuza za ziweto adayenda njira imodzi, wina naunikira mnzake.

Tiyambe ndi chigodola, popeza ndicho chimaliritsa eni ng'ombe kuno kumtunda koposa zonse. Ndikunena chigodola cha ng'ombe, chimene avetenale amachilemba East Coast fever m'mabuku awo. Chija cha nkhumba ndi nthenda ina, ya vairasi, yopanda mankhwala, ndipo munthu asataye ndalama zake pobaya nkhumba jakisoni wa ng'ombe. Chigodola cha ng'ombe chidadziwika ndi mbiri yoopsa m'zaka za 1901 ndi 1902, pamene ng'ombe zogulidwa kugombe la kum'mawa kwa Africa zidatsitsidwa padoko la Beira nizipita ku Southern Rhodesia, kumene nthendayi idapululutsa makola ambiri nitsikira mpaka ku South Africa. Kumeneko dokotala wa ziweto wa ku Switzerland, Arnold Theiler, adazindikira mu 1904 kuti kachilombo kake n'kosiyana ndi ka mkodzo wofiira, ndipo mpaka lero kamatchedwa Theileria parva pokumbukira iyeyo. M'dziko lathu nthendayi idalembedwa koyamba mu 1922 cha ku Nakonde. Mu 1947 idapezeka kuno kum'mawa, cha ku Fort Jameson, kumene lero tikuti ku Chipata. Ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 idabuka cha ku Monze, kumene Atonga adaitcha denkete, niwasiya ambiri a iwo akulima ndi khasu.

Mnyamuli wa chigodola ndi nkhupakupa yofiirira ija imene imakonda kumata m'makutu mwa ng'ombe, ndi kuzungulira maso ndi tsinde la nyanga ikachuluka. Moyo wake uyenera kumveka bwino, pakuti wosaudziwa amamenya nkhondo mumdima. Yaikazi ikakhuta magazi imagwa pansi niikira mazira masauzande m'udzu. Tiana tikaswa timakwera pa ng'ombe, nitiyamwa masiku owerengeka, nitigwa pansi kukafundula. Tikafundula timakwera pa ng'ombe ina, nitiyamwanso, nitigwanso. Ndipo ulendo wachitatu timakwera tili nkhupakupa zazikulu. Kachilombo ka chigodola sikalowa m'mazira, kotero kuti kamwana koswa kumene kalibe nthenda. Kamaitenga poyamwa ng'ombe yodwala, kapena ng'ombe imene idadwala kale nichira koma nkusungabe tizilombo pang'ono m'magazi, ndipo kamaipereka kwa ng'ombe imene kadzaiyamwe pambuyo pofundula. Zazikulu zimachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, ndicho chifukwa chake mathole amafa kwambiri pamene udzu wabiriwira, ngakhale nthendayi imaonekanso m'miyezi yozizira, pamene nkhupakupa za msinkhu wapakati zili pantchito.

Kachilombo kakalowa ndi malovu a nkhupakupa, kamapita m'maselo oyera a magazi, amene adaikidwa kuti akhale asilikali a thupi, nikawachititsa kuswana kosalekeza, kalikonse kakugawikana pamodzi ndi selo imene kakhalamo. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, mwanabere wa pansi pa khutu limene nkhupakupa idaluma amatupa, pambuyo pake wa patsogolo pa phewa ndi wa m'mbali mwa mimba pafupi ndi ntchafu. Thupi limatentha kupitirira madigiri 40. Ng'ombe imaleka kudya nitsalira m'mbuyo mwa zinzake, misozi ikutuluka, maso nkumachita ngati mwagwa chifunga. Ndipo pomalizira madzi amadzaza m'mapapo, nipuma mobanika, nifa thovu likutuluka m'mphuno, kawirikawiri sabata zitatu kapena zinayi chiilumire nkhupakupa. Ng'ombe zathu za Angoni zimapirira koposa zachizungu ndi zamakaladi, zimene zimatha kufa pafupifupi zonse zikapanda thandizo. Komabe ngakhale mwa za Angoni mathole ambiri amatayika, ndipo thole lotayika lero ndiyo ng'ombe ya pagoli imene idzasowe zaka zinayi zikudzazo.

Apa ndilankhule ndi inu anyamata abusa, pakuti inu ndinu maso a khola. Dokotala wa ziweto ali kutali, mwini ng'ombe ali kumunda, koma inu mumayenda nazo tsiku lonse ndipo mumadziwa iliyonse ndi dzina lake. M'mawa uliwonse potsekula khola, gwirani mathole pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa. Mukamva chotupa cholimba, kapena mukaona thole limene dzulo linkadumpha lero laima lozolika, kanenni kwa akulu nthawi yomweyo, osalinda madzulo. Mankhwala a chigodola alipo, otchedwa buparvaquone, amene ambiri mumawadziwa ndi dzina la Butalex, ndipo amachiza bwino akaperekedwa masiku oyamba a kutentha thupi. Koma madzi akadzaza kale m'mapapo, ngakhale mwagula botolo lathunthu, chiyembekezo chimakhala chochepa.

Ndipo inu eni mbumba, mundilole ndinene mawu amene angawawe pang'ono. Mwa ife Achewa, ng'ombe zambiri zili m'manja mwa mmodzi koma eni ake ndi ambiri: iyi ndi ya alongo, iyo idasiyidwa ndi malemu atsibweni, inayo ndi ya mphwanu amene ali ku Lusaka. Mwambo umenewu ngwabwino, pakuti wasunga chuma cha mabanja mibadwo yambiri. Koma ng'ombe ikadwala, wosunga amaopa kugulitsa mbuzi kapena thumba la mtedza asanafunse eni ake, uthenga nkumayenda masiku atatu, ndipo yankho likamafika anthu ali kale pa ntchito yosenda chikopa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pempho langa ndi lakuti mbumba iliyonse ikhale pansi mvula isanagwe, nipangane za ndalama ya mankhwala ndi ya dibi, nimupatse wosunga ng'ombe ufulu wochitapo kanthu tsiku lomwelo, mlandu wowerengera ndalama udzakambidwe ng'ombe ili moyo.

Tsono imvani chinthu chimene ife a kuno tiyenera kuchidziwa ndi kuchinyadira. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku Muguga m'dziko la Kenya adakonza njira yotetezera ng'ombe ku chigodola, yodabwitsa poimva koyamba: amabaya thole tizilombo tamoyo ta nthendayo, toyesedwa mlingo wake, ndipo nthawi yomweyo amalibaya jakisoni wa oxytetracycline wokhalitsa m'thupi, kuti tizilombo tisakule msanga, thupi la thole limalimbana nato nilipambana, ndipo kuyambira pomwepo limaidziwa nthendayo moyo wake wonse. Koma tizilombo ta chigodola si tofanana m'maiko onse, ndipo ng'ombe yotemeredwa imasunga pang'ono tizilombo timene idalandira, kotero kuti kudali kwanzeru kusabweretsa mtundu wachilendo kuno. Chifukwa chake, m'zaka za m'ma 1980, a dipatimenti ya ziweto ya dziko lino, pamodzi ndi akatswiri a ku Antwerp m'dziko la Belgium, adatenga tizilombo ta m'ng'ombe za m'boma lathu lomwe lino nakonza nato katemera wa chigawo cha kum'mawa, ndipo mtundu umenewo udatchedwa Katete. Mpaka lero, m'mabuku a ophunzira za ziweto ku Ulaya ndi mu Africa monse, dzina la Katete limalembedwa chifukwa cha katemera ameneyu, monganso dzina la Chitongo limalembedwa chifukwa cha katemera wa kum'mwera.

Katemerayu amakonzedwa kuchokera ku nkhupakupa zokhala ndi tizilombo, zimene amazipera nasunga madzi ake m'timapaipi tating'ono m'mitsuko ya naitirojeni wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Ku Lilongwe kuli malo a ntchito yolimbana ndi nkhupakupa ndi nthenda zake kumene katemera wotere amapangidwa. Akatulutsidwa mumtsuko nasungunulidwa, sakhalitsa, ndipo kapaipi kamodzi ndi ka mathole angapo. Ndicho chifukwa chake alangizi amaika tsiku napempha mudzi wonse kusonkhanitsa mathole pamalo amodzi m'mawa. Amene achedwa tsiku limenelo salakwira thole lake lokha, koma amaonongetsanso katemera wa anzake. Thole likatemeredwa limaikidwa nambala kukhutu, ndipo liyenera kuyang'aniridwa sabata zitatu zotsatira, pakuti owerengeka amadwala ndithu nafuna mankhwala. Pamakhala ndalama yolipira pang'ono, ndipo ndamva ena akudandaula nayo. Koma yerekezani ndalamayo ndi mtengo wa ng'ombe yaikulu pamsika, muone nokha kumene kuli phindu.

Katemera wa Katete amateteza ku chigodola chokha. Nthenda ya mkodzo wofiira, imene kachilombo kake kotchedwa Babesia kamaswa maselo ofiira a magazi, imadza ndi nkhupakupa ina, yotuwira ija, ndipo ziliponso nthenda zina za nkhupakupa zimene sindizitchula lero. Motero dibi kapena kupopera sikuleka. Alangizi kawirikawiri amati sabata iliyonse nthawi ya mvula, ndi motalikitsa pang'ono m'chilimwe. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe: ng'ombe za mudzi wonse zimadya dambo limodzi, ndipo khola limodzi losasambitsidwa limadyetsa nkhupakupa zimene zidzakwere ng'ombe za onse. Chimodzimodzinso ng'ombe yogulidwa usiku, yodutsa m'tinjira ta kumalire wopanda kalata ya avetenale, ingadze ndi nkhupakupa ndi mtundu wa tizilombo umene ng'ombe zathu siziudziwa. Mafumu, nkhani ya dibi ndi ya makalata a ng'ombe ikhale ya pabwalo lanu, monga ilili nkhani ya malire a minda.

(Ng'oma ilire mwachidule)

Titembenukire kwa kashembe. Ntchentche imeneyi ili ndi khalidwe lakelake, pakuti siikira mazira monga zinzake, koma imabala mphutsi imodzi yokhwima pa masiku 9 kapena 10 alionse, mphutsiyo nilowa m'dothi la pamthunzi, nituluka ntchentche patapita pafupifupi mwezi. Yaimuna ndi yaikazi yomwe zimakhalira magazi okha. Kuswana kwake kochedwa kumeneku ndiko kufooka kwake, pakuti mukapha zowerengeka tsiku ndi tsiku kosalekeza, mtundu wake umatha m'deralo. Mliri wa rinderpest utapha njati ndi nyama zambiri zam'thengo m'zaka za m'ma 1890, kashembe adachepa kwambiri. Nyama zitachulukanso, iyenso adabwerera, nakwera kuchokera kuchigwa cha Luangwa kufika kuno kumtunda.

Ambiri amayesa kuti kashembe ndi wa kumalo a nyama zam'thengo okha, ndi kuti ife, popeza tidalima minda ponseponse, tidamthamangitsa. Koma kafukufuku wochitika m'boma la Katete, wosindikizidwa mu 1997, adaonetsa kuti mwa akashembe anayi alionse ogwidwa atakhuta, atatu adali atayamwa magazi a ng'ombe. Nyama zitasowa, iye adaphunzira kukhalira ziweto zathu, nabisala m'nkhalango zotsala za m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Kachilombo kamene amapatsa ng'ombe kuno, makamaka kotchedwa Trypanosoma congolense, sikapha msanga monga chigodola. Kamamwa mphamvu pang'onopang'ono. Ng'ombe imadya koma nkumaonda, ubweya nkunyankhalala, m'zikope ndi m'kamwa nkuyera chifukwa cha kuchepa magazi, yaikazi nkutaya bere kapena kuuma mkaka, ndipo ya pagoli nkugona mumzere dzuwa lisanakwere. Ng'ombe za pagoli ndizo zimalumidwa koposa, popeza n'zazikulu ndipo fungo lake limamveka patali, ndiponso ndizo timazituma kukatenga nkhuni ndi mitengo kunkhalango. Motero nthendayi imaba ulimi wa chimanga ndi wa thonje mwakachetechete, banja nkubzala mochedwa, nkukolola zochepa, osadziwa kuti njala yawo idayambira m'magazi a ng'ombe.

Kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu natera pa chakuda, ndipo pa nzeru imeneyi padachokera nsalu zija za buluu ndi zakuda zopakidwa mankhwala, zimene zidaimikidwa m'nkhalango za chigawo chino pa ntchito imene Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe adachitira pamodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Mukapeza nsalu yotere m'thengo, isiyeni pamalo pake, ndipo pootcha tchire muilambulire; wakuitenga kukasoka chovala watsekulira kashembe njira ya kukhola kwake. Dziwaninso kuti mankhwala ena a dibi, onga deltamethrin, amapha nkhupakupa ndi kashembe yemwe, pamene ena, onga amitraz, amapha nkhupakupa zokha. Inu okhala pafupi ndi nkhalango funsani alangizi musanagule, pakuti safunsa adadya phula.

Nanga munthu? Mu 1910, akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, adayang'ana magazi a Mngelezi wina amene adadwala atayenda m'chigwa cha Luangwa chaka cha 1909, napeza mtundu wa kachilombo ka kaodzera wosadziwika kale, nautcha rhodesiense potengera dzina la dziko lino pa nthawiyo. Ndipo mu 1911 ndi 1912, Kinghorn ndi Yorke, atamanga msasa ku Nawalia m'chigwa momwemo, adatsimikiza kuti kashembe wathu yemweyu ndiye amakanyamula, ndi kuti nyama zam'thengo zimakasunga m'magazi osadwala. Kaodzera wa kuno ngwaliwiro: pamalo polumidwa pamatuluka chotupa chowawa, thupi limatentha, mutu umapweteka, ndipo pakapita sabata kapena miyezi yowerengeka kachilombo kamalowa mu ubongo, munthu nasokonezeka, nagona usana nakhala maso usiku, nafa ngati sapatsidwa mankhwala. Odwala ambiri amachokera kufupi ndi malo a nyama, monga ku Mambwe, ku Chama, ku Nyimba ndi ku Rufunsa, ndi ku Malawi cha ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Koma anthu athu amapita kumeneko kukagwira ntchito, kukagula nsomba, kukafula uchi ndi kukaona abale, ndipo ku Uganda zidaoneka kuti ng'ombe zogulitsidwa m'misika zidanyamula kaodzera wa anthu kupita naye kumaboma kumene kudalibe. Chovuta n'chakuti masiku oyamba nthendayi imafanana ndi malungo. Chifukwa chake, munthu akatentha thupi atachokera kuchigwa, ndipo poyeza malungo sakupezeka, kapena wamwa mankhwala a malungo koma osachira, auze adokotala momveka kuti adali kumalo a kashembe, kuti magazi ake aonedwe pa maikulosikopu. Zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete, chimene chatumikira anthu kuyambira 1948, ndi Nyanje ku Sinda, ndiko koyenera kufulumirira. Kale wodwala amene kachilombo kafika mu ubongo ankabayidwa melarsoprol, jakisoni waukali amene iye mwini ankapha ena mwa odwala. Koma mapiritsi a fexinidazole, amene adayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda, adavomerezedwa ndi bungwe la WHO mu 2024 kuti akhale oyamba kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo.

Tsopano ndifike pa chimene chandilemera mumtima koposa, pakuti tchimo lake ndi limodzi m'khola ndi m'nyumba, ndilo kupereka mankhwala operewera. Kapaketi kakang'ono ka Berenil, mankhwala a nthenda ya kashembe mwa ng'ombe, kadayesedwa kuti kakwanire ng'ombe imodzi ya makilogalamu 300. Koma chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, munthu amakasungunula m'madzi ambiri nabaya ng'ombe zitatu, kapena amabaya Samorin, mankhwala ena a nthenda yomweyo, chaka ndi chaka popanda woyeza magazi, kapena amagula pamsika ufa wachikasu umene wakhala padzuwa ndipo mwini wake sadziwa kumene udachokera. Ng'ombe imaoneka ngati yatsitsimuka, mwini nakondwa. Koma tizilombo tofooka tokha ndito tafa, tolimba tatsala, ndipo ndito tidzaswane. Kuli ngati kupalira munda nkusiya udzu waukulu uli chiimire kuti ukhwimitse mbewu zake. Akatswiri adapeza kale kuno kum'mawa tizilombo ta kashembe tosamva Berenil ndi Samorin, ndipo mankhwala a ng'ombe a nthendayi ndi owerengeka, akale, osapezeka ena atsopano m'sitolo.

Zomwezi zidatichitikira ndi malungo. Achikulire mukukumbukira chloroquine, mmene ankachizira msanga ndi motchipa, kufikira kachilombo ka Plasmodium falciparum kadaleka kumumva, ana nkumafa atamwa mankhwala. Mu 2002 dziko la Zambia lidaganiza zosintha, nilikhala mwa maiko oyambirira mu Africa kuika Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo m'zipatala za boma. Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi chakudya cha mafuta pang'ono monga mkaka kapena phala la nsinjiro, kuti alowe bwino m'thupi. Koma mayi akaona kuti mwana wayamba kusewera tsiku lachiwiri, amabisa otsalawo kudenga kuti adzathandize mwana wina. Ndipo sindikumuweruza mayiyo, pakuti ndikudziwa kutalika kwa njira ya kuchipatala ndi kuchuluka kwa ntchito ya dzinja. Komabe ndikupemphani, amayi anga, mwana amalize mankhwala ake onse, pakuti ku Rwanda ndi ku Uganda kwaoneka kale tizilombo toyamba kulimbana ndi mankhwala a mtundu umenewu, ndipo malungo akupha anthu pafupifupi 600,000 chaka chilichonse pa dziko lapansi, ochuluka mwa iwo ana aang'ono a mu Africa.

Udzudzu waukazi wa Anopheles umaluma usiku, kachilombo nikabisala m'chiwindi pafupifupi sabata imodzi kasanatulukire m'magazi. Choncho wodwala lero adalumidwa kale, ndipo neti iyenera kugonedwa usiku uliwonse, osati pokhapokha udzudzu ukamveka kulira. Neti si yotchingira mbewu kudimba, kapena yophimbira anapiye, kapena yokokera nsomba. Opopera nyumba akadutsa, musazire makoma pambuyo pake, pakuti mukwirira mankhwala. Amayi oyembekezera ayambe sikelo msanga kuti alandire Fansidar wowateteza ku malungo. Ndipo mwana akatentha thupi, ayezedwe magazi pachala tsiku lomwelo kwa wothandiza zaumoyo wa m'mudzi kapena kukiliniki. Akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa, kapena m'manja mukayera, imeneyo ndi ngozi, ndipo ngolo kapena njinga ipezeke ngakhale pakati pa usiku.

Tilipo tizilombo tina ta banja lomweli timene sitifuna mnyamuli wamapiko, pakuti timayenda ndi madzi ndi ndowe. Amoeba amadzetsa kamwazi. Giardia ndi Cryptosporidium amatsekula m'mimba ana a anthu ndi mathole omwe, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene anthu ndi ng'ombe amamwa pachitsime chimodzi cha m'dambo, ndi pamene mvula yoyamba ikokolera zonyansa m'zitsime. Tchingirani chitsime cha anthu, ng'ombe zimwere kumunsi, ndipo madzi a mwana wamng'ono awiritsidwe, popeza Cryptosporidium samva klorini. Anapiye ndi ana a mbuzi akamachita zitosi kapena ndowe zamagazi m'khola lonyowa, kawirikawiri ndi coccidia, ndipo chithandizo choyamba ndi khola louma losesedwa. Mayi woyembekezera asagwire zonyansa za mphaka kapena kudya nyama yosapsa bwino, chifukwa cha Toxoplasma amene angavulaze mwana m'mimba.

Za nyama ya ng'ombe yodzifera ndinenepo mawu awiri. Chigodola sichigwira munthu. Koma ng'ombe yofa mwadzidzidzi ingakhale yafa ndi nthenda ina yoopsa monga anthrax, imene imapha osenda ndi odya omwe, ndipo ng'ombe yobayidwa mankhwala posachedwa imakhala nawo m'nyama ndi mumkaka kwa masiku amene alembedwa pa botolo. Musasende musanaitane alangizi, ndipo akafika aloleni atenge magazi kukhutu ndi madzi a m'mwanabere pa kagalasi, kuti mudziwe chimene chalowa m'khola mwanu zisanagwe zina.

Popita kwa alangizi a ziweto a dera lanu, kapena ku ofesi ya avetenale ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, kanenni tsiku limene ng'ombe idayamba kudwala, kumene imadya, tsiku limene idasamba komaliza, ndi ngati m'khola mwalowa ng'ombe yachilendo. Ndipo ngati mudaibaya kale kanthu, musabise, tengani botolo kapena kapaketi kake mukaonetse. Mufunsenso tsiku la katemera wa mathole chaka chino, ndipo a mfumu alengeze tsikulo pamsonkhano ndi kutchalitchi, kuti pasapezeke wonena kuti sadamve. Nthawi yathu yathera pomwepa. 

(Ng'oma yotsekera)